Iris kapena rosemary wokwawa: ndibzale chiti pamwamba pa khoma lotchinga dothi?

Nachisale, Zomba

Moni nonse okonda maluwa. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munalimapo mbewu ziwirizi, chifukwa ndalama zimene ndasunga n'zokwanira kugula mtundu umodzi wokha, ndipo sindikufuna kudzazula chaka chamawa zimene ndabzala chaka chino.

Nyumba yathu ili pamalo otsetsereka kuno ku Zomba, ndipo kuseri kwake tinamanga khoma lamiyala lotchinga dothi, la mamita 12 m'litali ndi mita imodzi ndi theka msinkhu wake. Pamwamba pa khomalo pali dothi lotambalala pafupifupi mita imodzi, limene limawombedwa ndi dzuwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Dothi lake ndi lakatondo, limene limamata kwambiri m'dzinja koma n'kuuma gwa ikafika Okutobala. Mvula ikagwa yamphamvu, madzi amatsika ndi matope kuchokera kumtunda n'kudetsa khoma lonse, kenako amakadikha kumunsi kwake. M'chilimwe madzi a m'mipopi amavutavuta, choncho sindingathe kuthirira tsiku ndi tsiku.

Munthu wogulitsa mbande kunazale anandilangiza mitundu iwiri. Woyamba ndi iris, amene maluwa ake ofiirira ndinawaona pachithunzi ndipo mtima wanga unakopeka nawo kwambiri. Wachiwiri ndi rosemary wokwawa, amene akuti nthambi zake zimalendewera n'kubisa khoma. Chimene ndikufuna kudziwa ndi ichi: pamalo ngati amenewa, ndi mbewu iti imene ingapirire mvula yathu ya Januwale ndi Febuluwale komanso dzuwa la Okutobala, imene ingaoneke bwino miyezi yambiri pachaka, ndiponso imene ingathandize kugwira dothi? Ndithokoza kwambiri ngati amene akuyankha atafotokozanso kabzalidwe kake, popeza mbewu zonsezi ndi zachilendo kwa ine.

Mbewe, Cape Town

A Nachisale, ine ntchito yanga ndi yosamalira minda yamaluwa m'nyumba za anthu kuno ku Cape Town, ndipo rosemary wokwawa ndimakumana naye pafupifupi pakhoma lililonse lotchinga dothi. Pamalo amene mwafotokozawo, ine ndingasankhe rosemary mosakayika, koma pali chinthu chimodzi chimene muyenera kuchimvetsa musanatulutse ndalama.

Rosemary kwawo ndi m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, m'maiko ngati Spain, Italy ndi Greece, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo nyengo yotentha imakhala youma. Kuno ku Cape Town nyengo yake ndi yomweyo, pakuti mvula yathu yambiri imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, n'chifukwa chake mbewuyi imakula popanda kuisamalira kwenikweni. Kwathu ku Malawi zinthu n'zosiyana, chifukwa mvula imabwera pamodzi ndi kutentha, ndipo Zomba ndi amodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri. Choncho dzuwa la Okutobala lisakudetseni nkhawa, pakuti rosemary akagwira amatha masabata ambiri osathiriridwa. Chimene chimamupha ndi madzi odikha pamizu m'nyengo yotentha. Mizu ikayamba kuwola, nsonga za nthambi zimafota ngati kuti mbewu ili ndi ludzu, ndiye anthu ambiri amawonjezera madzi n'kuimaliziratu.

Mwayi wanu ndi wakuti pamwamba pa khoma ndi pamalo pamene madzi sakhalitsa, malinga ngati amisiri anasiya mibowo yotulutsira madzi kumunsi kwa khomalo. Muyambe mwaona zimenezo, ndipo ngati mibowoyo inatsekeka ndi matope muitsegule. Kenako kumtunda kwa malo obzalawo mukumbe kangalande kopatutsa madzi ochokera kuphiri kuti asamadutse pambewu. Dothi lakatondolo mulitembenuze kufika masentimita 30 kapena 40, n'kulisakaniza ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje ndi timiyala ting'onoting'ono tochuluka ndithu, osati kungowazako pang'ono, pamodzi ndi manyowa owola bwino ochepa chabe. Mukatero muunde kamzere kokwera masentimita 15 kapena 20, ndipo mbande muzibzale pamwamba pa mzerewo, khosi la mbewu lisakwiririke. Musaphimbire patsinde ndi udzu kapena masamba monga timachitira ndi tomato, chifukwa zimenezo zimasunga chinyontho pamalo pamene rosemary sachifuna. Ngati mukufuna kuphimbira, gwiritsani ntchito timiyala.

Mbande zitalikirane masentimita 80, zimene zikutanthauza mbande 15 pakhoma lanu la mamita 12, ndipo zikhale pafupifupi masentimita 30 kuchokera pamlomo wa khoma. Mtundu wokwawawu sukula kupitirira masentimita 30 mpaka 60 m'mwamba, koma nthambi zake zimayala m'mbali, ndipo zikafika pamlomo wa khoma zimagwera kumunsi, moti pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zimatha kulendewera mita yathunthu. Nthambi zimene zakhudza dothi zimamera mizu yake, ndipo zimenezi ndi zimene zidzakuthandizeni pa vuto la matope lija, chifukwa dothi limakhala lophimbika ndiponso logwidwa ndi mizu malo ambiri. Masamba ake sayoyoka chaka chonse. Timaluwa take n'tating'ono, tobiriwira ngati mtambo, ndipo njuchi zimatikonda kwambiri.

Pa nkhani ya ndalama, simukuyenera kugula mbande zonse 15. Gulani zitatu kapena zinayi zathanzi, ndipo zikagwira mudule nsonga za nthambi zotalika masentimita 10 mpaka 15, zimene zayamba kukhwima koma sizinaume. Muchotse masamba a kumunsi, muzizike m'machubu a mchenga wachinyontho n'kuziika pamthunzi wowala, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri zambiri zidzakhala zitamera mizu. Podulira, muzidula nsonga zobiriwira zokha, chifukwa mukadula mpaka pamtengo wakale wopanda masamba, nthambiyo kawirikawiri siphukiranso. Nsonga zodulazo musataye, pakuti rosemary wokwawa amaphikidwa chimodzimodzi ndi mtundu wina wa rosemary woimirira, ndipo amakometsa nkhuku, nyama yambuzi ndi mbatata yakachewere yowotcha.

Naphiri, Dedza

Zimene afotokoza a Mbewe n'zoona, koma ine ndikufuna kuyankhulira iris, chifukwa ndamulima kwa nthawi yaitali kuno ku Dedza ndipo sindinaonepo duwa lina la m'munda lofanana naye. Amene ndikunena ndi iris wandevu. Duwa lake limakhala ndi timasamba titatu toimirira ndi titatu togwera pansi, ndipo pakati pa togwera pansito pamakhala kamzere kaubweya, kawirikawiri kachikasu. Alipo ofiirira, oyera, achikasu, akhofi ndi ena amitundu iwiri duwa limodzi, ndipo ena amanunkhira. Munthu amene anaonapo bedi lonse la iris litachita maluwa m'mawa wa Seputembala amamvetsa chifukwa chake enafe timapirira ntchito yake. Ndikumvetsa bwino kuti mtima wa a Nachisale unakopeka.

Komabe ndiyenera kunena chilungamo pa funso limene afunsa. Maluwa a iris amakhala masabata awiri kapena atatu okha pachaka. Miyezi ina yonse mumakhala ndi masamba okhaokha, aatali ndi osongoka, amene ndi okongola akakhala athanzi, koma m'dzinja amachita madontho akhofi chifukwa cha chinyontho ndipo amafunika kumawachotsa. Masambawo amaimirira, sagwera kumunsi, choncho khoma lanu lidzakhalabe poyera monga lilili panopa.

Kabzalidwe kake n'kosiyana ndi mbewu zina zonse zimene tinazolowera. Iris amamera kuchokera ku tsinde lonenepa loyala pansi, looneka ngati jinja, ndipo tsinde limeneli silifuna kukwiriridwa. Mumaunda kamulu kakang'ono, n'kuligoneka pamwamba pake, mizu yokha n'kuitsitsira m'mbali ndi kuikwirira, msana wa tsindelo n'kuusiya poyera kuti uziwombedwa ndi dzuwa. Mukalikwirira kwambiri, mumapeza masamba ambiri popanda duwa, kapena limawola. Mbewu zitalikirane masentimita 30 mpaka 50. Manyowa aawisi a nkhuku kapena a ng'ombe musawayandikitse, ndipo feteleza wa nayitrojeni wambiri ngati urea musathire, chifukwa amafewetsa tsinde n'kuitana matenda owoletsa. Ine ndimathira ufa wa mafupa pang'ono pobzala basi. Matenda owoletsawa mudzawadziwa ndi fungo loipa kwambiri ndiponso masamba amene amazuka mukangowakoka pang'ono. Mukawaona, fukulani tsindelo, dulani ndi mpeni woyera mbali yonse yofewa mpaka mufike polimba, muliyanike padzuwa kenako mulibzalenso pamalo ena ouma.

Tsinde lililonse limachita maluwa kamodzi kokha, kenako limabereka ana m'mbali, ndipo anawo ndi amene amadzachita maluwa chaka chotsatira. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi bedi limathithikana ndipo maluwa amachepa, ndiye mumafukula zonse, kutaya zakale zapakati, kudula masamba a anawo kusiya masentimita 15, n'kubzalanso. Ubwino wake ndi wakuti nthawi imeneyo mumapeza mbewu zambiri zogawira anzanu.

Chimene ndikukayikira kwambiri pa malo anu ndi kuzizira. Iris wandevu anachokera kumaiko ozizira a ku Ulaya ndi madera oyandikana nawo, ndipo amafuna nyengo yozizira ndithu kuti akonzekere maluwa. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri, n'chifukwa chake ine amandichitira maluwa. Mchemwali wanga amene amakhala kudera lotentha la kunyanja anatenga mbewu kwa ine, ndipo mpaka lero amangoona masamba. Tauni ya Zomba ili pansi poyerekeza ndi Dedza, choncho ngati simuli chakumtunda kwenikweni kwa phiri, mwina maluwa azibwera chaka china, chaka china ayi.

Pa rosemary ndiwonjezere zimene a Mbewe sanatchule. Akakalamba amauma pakati n'kutsala mitengo yopanda masamba, ndipo m'miyezi ya mvula yosalekeza nthambi zamkati zimene sizipitidwa mphepo zimada n'kufa. Choncho nayenso si mbewu yobzala kamodzi n'kuiwala, ndipo ndi bwino kumakhala ndi mbande zatsopano m'machubu zolowa m'malo mwa zokalamba. Chomaliza, musayese kubzala ziwirizi mosakaniza pamzere umodzi poganiza kuti mupindula pawiri. N'zoona kuti zonse zimakonda dzuwa ndi dothi losasunga madzi, koma rosemary akayala adzaphimba matsinde a iris aja, amene amafuna dzuwa pamsana pawo, ndipo iris adzasiya maluwa kenako n'kuwola.

Kwenda, Johannesburg

A Nachisale, musanapitirire ndikupempheni kuti mukaonetsetse mbewu imene wogulitsayo akuitchula kuti iris, chifukwa m'manazale ambiri a kuno kumwera kwa Africa dzina limeneli amapatsanso mbewu ina yotchedwa Dietes, imene ndi ya banja limodzi ndi iris koma khalidwe lake ndi losiyana kwambiri. Iris weniweni ali ndi mitundu pafupifupi 300 ndipo yonse kwawo ndi kumpoto kwa dziko lapansi, pamene pafupifupi mitundu yonse ya Dietes kwawo ndi ku Africa konkuno. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Iris wandevu ali ndi masamba otambalala, obiriwira motuwirako, ndi tsinde lonenepa lija afotokoza a Naphiri. Dietes ali ndi masamba opyapyala, olimba, obiriwira kwambiri, amene amamera mothithikana n'kupanga chitsamba chofika mita imodzi kapena kupitirirako.

Mitundu iwiri ndiyo imabzalidwa kwambiri kuno. Dietes grandiflora, amene kwawo ndi m'zigawo za Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal kuno ku South Africa, ali ndi maluwa oyera okhala ndi madontho achikasu ndi kachigawo kofiirira pakati. Dietes bicolor ali ndi maluwa achikasu chotuwa okhala ndi madontho atatu akuda. Mukayenda m'malo oimikapo magalimoto ndi m'mphepete mwa misewu ya Johannesburg mudzawaona paliponse, ndipo chifukwa chake n'chakuti amapirira mvula ya m'nyengo yotentha, chilala, dothi losauka ngakhalenso mthunzi wa mitengo. Duwa limodzi silikhalitsa, limafota pakangopita masiku ochepa, koma mbewuyo imatulutsa ena mobwerezabwereza nyengo yonse yotentha. Pa grandiflora musadule mapesi a maluwa akafota, chifukwa phesi lomwelo limadzatulutsanso maluwa ena.

Ndikunena zimenezi chifukwa mwatchula kuti madzi amadikha kumunsi kwa khoma. Pamenepo rosemary sangakhale, iris wandevunso sangakhale, koma Dietes angathe malinga ngati madziwo amaphwa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mizu yake yothithikana imagwira dothi bwino kwambiri. Safunanso kuzizira kuti achite maluwa. Maganizo anga ndi akuti pamwamba mubzale rosemary monga anenera a Mbewe, ndipo kumunsi mudzaike Dietes mukadzapeza mpata. Chitsamba chimodzi chachikulu chimagawika n'kutulutsa mbewu zambiri, choncho mnansi mmodzi amene ali naye angakukwanireni.

Pali iris wina wa maluwa achikasu wokonda madzi, Iris pseudacorus, amene wina angakulangizeni pamalo onyowawo. Ameneyo mumukane, chifukwa amafalikira m'madambo ndi m'mitsinje n'kupitikitsa zomera zachilengedwe, ndipo kuno ku South Africa ali pamndandanda wa zomera zoletsedwa. Ndiwonjezere kwa anzathu amene ali kuno ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, kuti rosemary wokwawa sapirira chisanu choundana ngati mmene amachitira woimirira, ndiye m'madera ozizira kwambiri ndi bwino kumubzala pakhoma loyang'ana kumpoto. Ku Zomba vuto limeneli simudzakumana nalo.

Nachisale, Zomba

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndapitanso kunazale kuja ndipo ndaona kuti mbewuyo ndi iris wandevu, wa masamba otambalala ndi tsinde lonenepa. Ndatsimikiza kuti pamwamba pa khoma ndibzale rosemary, koma ndigulanso iris atatu okha kuti ndiyese m'miphika ikuluikulu pakhonde, pamene ndingathe kuwateteza ku mvula, kuti ndione ngati kuzizira kwa kuno kungawakwanire. Ndatsala ndi mafunso awiri. Pakhomo pano pali adzukulu aang'ono ndi galu, ndiponso mbuzi za anansi zimalowa nthawi zina, kodi mbewuzi zilibe choopsa? Nanga mwezi wabwino wobzala ndi uti, popeza ife tinazolowera kubzala chilichonse ndi mvula yoyamba?

Naphiri, Dedza

Funso la adzukulu ndi lofunika kwambiri, a Nachisale. Iris ali ndi poizoni m'mbali zake zonse, makamaka m'tsinde lija, ndipo mwana kapena galu akatafuna amatuluka malovu ambiri, amasanza ndi kutsegula m'mimba. Ziweto nazonso zimadwala zikadya wambiri. Popeza tsindelo limafanana ndi jinja, musaliyanike kapena kulisunga pafupi ndi khitchini, ndipo zidutswa zotsala mukamagawa muzizitaya pamalo pamene galu sangafukule. Madzi ake amayabwa pakhungu la anthu ena, choncho muzivala magolovesi kapena kusamba m'manja mukangomaliza. Miphika yanuyo muiike pamalo okwera pamene ana aang'ono safikira, koma pakhale powomba dzuwa kwa maola 6 kapena kuposerapo, chifukwa pakhonde lamthunzi sadzachita maluwa ngakhale kutazizira bwanji. Miphikayo ikhale yotambalala, ya mibowo yambiri pansi, ndipo tsinde limodzi pamphika n'lokwanira. Rosemary alibe choopsa kwa ana kapena galu, popeza ndi chokometsera ndiwo. Fungo lake limachititsa ziweto zambiri kumulambalala, koma mbuzi yanjala ya mu Okutobala sisankha, choncho mbande zazing'ono muzitchingire ndi minga kapena waya mpaka zitakhwima.

Pa nthawi yobzala, chizolowezi chathu cha mvula yoyamba musachitsate pa mbewu ziwirizi. Mbande ya rosemary yobzalidwa mu Disembala imakumana ndi mvula ya Januwale mizu yake isanayale, ndipo imeneyo ndi nthawi imene zambiri zimawola. Bzalani mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, mvula itadukiza koma dothi likadali ndi chinyontho, kuti mbewu ikhale ndi miyezi yonse yozizira yozamitsa mizu. M'masabata oyamba muzithirira kawiri pasabata, kenako kamodzi, ndipo nthawi zonse muyambe mwapisa chala m'dothi. Mukapeza kuti pansi pakadali ponyowa, kapena kwagwa chiperoni, dikirani. Chaka choyamba chokha mu Okutobala ndi Novembala muzithirira mokwanira kamodzi pasabata, madzi olowa pansi ndithu, osati kuwaza pamasamba.

Iris nayenso mumubzale nthawi yomweyo ya Epulo, kuti agwire nyengo yozizira isanafike. Posankha kunazale, tengani matsinde olimba mukawatsina, olemera, okhala ndi masamba athanzi ndi timaso ta ana m'mbali, ndipo mupewe amene ali ndi phesi lakale louma pakati popanda ana, chifukwa amenewo anachita kale maluwa. Akapanda kuchita maluwa mu Seputembala kapena Okutobala woyamba musafulumire kuwataya, pakuti iris wongowokeredwa kumene nthawi zambiri amadumpha chaka chimodzi. Mudzaweruze za kuzizira kwa Zomba akadzapyola nyengo yozizira yachiwiri.